Kulondola moyo wa mlimi wa m'zaka za m'ma 1800 kudzera m'zikalata: nkhani ya Charles Ingalls

Kufufuza mbiri ya makolo ndi ntchito yolondola moyo wa munthu amene anamwalira kalekale pogwiritsa ntchito zimene zinalembedwa iye ali moyo, monga kalembera wa anthu, zikalata za malo, mabuku a tchalitchi, manyuzipepala ndi miyala ya pamanda. Ku United States anthu ambiri akabwerera m'mbuyo mibadwo isanu kapena isanu ndi umodzi amapeza kholo limene linali mlimi, popeza mu 1870 pafupifupi theka la anthu ogwira ntchito m'dzikolo ankadalira kumunda. Alimi oterewa sankalemba mbiri ya moyo wawo. Maina awo anasungika chifukwa boma linkafuna kuwawerenga, kuwagawira malo ndi kuwakhometsa msonkho, ndipo chikalata chilichonse chimayankha funso lokhalo limene mlembi wa boma anatumidwa kukafunsa.

Mmodzi mwa alimi amene moyo wawo unafufuzidwa kwambiri mwa njira imeneyi ndi Charles Phillip Ingalls (1836–1902). Sanali wolemera, ndipo ali moyo ankadziwika m'matauni ang'onoang'ono okha amene anakhalamo. Anatchuka atamwalira kale, mwana wake Laura Ingalls Wilder atalemba mabuku a ana ofotokoza za ubwana wake, kuyambira ndi Little House in the Big Woods mu 1932. Sewero la pa TV la Little House on the Prairie, limene linaonetsedwa kuyambira mu 1974 mpaka 1983, linafalitsanso dzinali m'maiko ambiri. Nkhani yake imathandiza ophunzira ntchito yofufuzayi chifukwa ili ndi mbali zonse ziwiri: zimene banja linkakumbukira, ndi zimene alembi analemba pa nthawiyo. Mbali ziwirizi zimagwirizana pa zambiri, koma pali malo angapo pamene zimasemphana kotheratu.

Munthu wopanda chikalata cha kubadwa

Charles anabadwa pa 10 Januwale 1836 pafupi ndi tauni ya Cuba, m'chigawo cha New York. Bambo ake anali Lansford Ingalls ndipo mayi ake anali Laura Colby. Chikalata cha boma cha kubadwa kwake palibe, chifukwa New York inayamba kulemba mokhazikika ana obadwa m'chigawo chonse cha m'ma 1880, Charles ali kale bambo wa ana. Tsiku la kubadwa kwa anthu a m'badwo wake limapezeka m'zolemba za pabanja, makamaka m'Baibulo. Mabaibulo akuluakulu a nthawiyo ankakhala ndi masamba opanda mawu pakati pa Chipangano Chakale ndi Chatsopano, ndipo pamenepo mabanja ankalembapo obadwa, okwatira ndi omwalira.

Kalembera wa dziko lonse wakhala akuchitika zaka khumi zilizonse kuyambira mu 1790, koma mpaka 1840 ankalemba dzina la mutu wa banja lokha. Ena onse ankangowerengedwa m'magulu a zaka. Motero mwana wa zaka zinayi ngati Charles mu 1840 anali nambala chabe pa mzere wa anyamata osapitirira zaka zisanu. Kalembera wa 1850 ndiye anayamba kulemba dzina la mfulu aliyense, zaka zake, ntchito yake ndi chigawo chimene anabadwira. N'chifukwa chake ofufuza amauona 1850 ngati malire: kuchokera pamenepo kubwera kuno banja limaoneka lonse, kubwerera m'mbuyo pamafunika kulumikiza tizidutswa.

Banja la Lansford linasamukira ku Kane County m'chigawo cha Illinois m'zaka za m'ma 1840, kenako ku Jefferson County m'chigawo cha Wisconsin. Mawu akuti County akutanthauza dera la ulamuliro lokhala ndi khothi ndi ofesi yakeyake yosunga zikalata, ndipo wofufuza ayenera kulidziwa, chifukwa zikalata za maukwati ndi za kugulitsana malo zimasungidwa kumeneko. Ku Concord, m'dera la Jefferson lomwelo, Charles anakwatira Caroline Quiner pa 1 Febuluwale 1860.

Mabanja awiriwa anakwatirana katatu. Henry Quiner, mlongo wake wa Caroline, anakwatira Polly Ingalls, ndipo Peter Ingalls anakwatira Eliza Quiner. Zoterezi zimathandiza kwambiri, chifukwa alimi a nthawiyo sankasamuka okha. Katswiri wa ntchitoyi Elizabeth Shown Mills amaphunzitsa kuti kholo likasowa m'zikalata, wofufuza alondole abale ake, anzake ndi oyandikana nalo nyumba. Mu 1863 Charles ndi mlamu wake Henry anagula limodzi maekala 80 ku Pepin County, ku Wisconsin komweko, ndipo kumeneko n'kumene Mary anabadwira mu 1865 ndi Laura pa 7 Febuluwale 1867. Mu 1868 awiriwa anagulitsa malowo pa ngongole kwa Gustaf Gustafson, nagula malo ena ku Chariton County m'chigawo cha Missouri. M'mabuku a Laura mulibe mawu alionse onena za malo a ku Missouri amenewa. Amadziwika chifukwa cha zikalata za ku khothi basi. Komabe chikalata chogulira malo chimangotsimikiza kuti munthu anagula. Sichinena kuti anamangapo nyumba kapena kulimapo.

Kalembera wa 1870 ndi nyumba ya ku Kansas

Pamene zikalata zinasintha kwambiri zimene anthu ankadziwa ndi pa zaka za ku Kansas. Buku la Little House on the Prairie la mu 1935 limati banjali linamanga kanyumba ka mitengo pa mtunda wa mamailosi 40 kuchokera ku tauni ya Independence. Laura mwini ankakhulupirira zimenezo, moti polemba bukulo anafufuza malowo cha kummwera, m'chigawo chimene lero ndi Oklahoma, koma sanawapeze. N'zosadabwitsa, chifukwa anafika kumeneko ali ndi zaka ziwiri ndipo anachokako ali ndi zinayi. Zimene analemba zinali nkhani zimene anamva kwa makolo ake, atazisunga m'mutu zaka zoposa 60.

Ofufuza a m'zaka za m'ma 1960, makamaka Eileen Charbo wa ku Kansas State Historical Society ndi Margaret Clement wa ku Independence, anayambira pa mzere umodzi wa m'Baibulo la banja. Mzerewo umati Carrie, mwana wachitatu, anabadwa pa 3 Ogasiti 1870 ku Montgomery County, Kansas. Atafufuza kalembera wa 1870 wa deralo anapeza banja lonse m'dera laling'ono la Rutland, koma dzina linalembedwa kuti Ingles. Mutu wa banja ndi C. P. Ingles, wa zaka 34, wobadwira ku New York. Pansi pake pali Caroline, Mary wa zaka zisanu, Laura wa zaka zitatu, ndi khanda.

Tsamba limodzili lili ndi maphunziro angapo. Loyamba ndi la kalembedwe ka dzina: mlembi ankalemba monga anamvera, ndipo amene akufufuza dzina la Ingalls lokha sangalipeze banjali. Chimene chimatsimikiza kuti ndi anthu omwewo ndi kugwirizana kwa maina a ana, zaka zawo ndi kumene anabadwira. Lachiwiri ndi la tsiku. Lamulo linali lakuti alembi alembe anthu monga analili pa 1 Juni 1870, choncho mwana wobadwa mu Ogasiti sankayenera kuwerengedwa. Mlembi anafika pakhomopo pakati pa Ogasiti, anapeza khandalo, nalilemba. Kulakwitsa kwakeko kunasanduka umboni wachiwiri wa kumene Carrie anabadwira, ndipo kumatsutsa mabuku, amene amaonetsa Carrie atabadwa kale ku Wisconsin banja lisananyamuke.

Chachitatu n'chodabwitsa kwa owerenga mabukuwo: pa mzere wa ntchito, Charles analembedwa kuti kalipentala. Izi sizikutsutsa zoti ankalima. Fomu inali ndi mpata wa ntchito imodzi yokha, ndipo munthu amene wangofika pamalo atsopano, asanakolole kanthu, ankapeza ndalama pomangira anzake nyumba. Wofufuza amene amatenga mawu amodzi a m'kalembera ngati chithunzi cha moyo wonse wa kholo lake amasokera msanga.

Kalembera sanali ndi mapu, koma alembi ankayenda nyumba ndi nyumba ndipo ankalemba mabanja motsatana ndi mmene ankawapezera. Margaret Clement anatenga maina a mabanja olembedwa patsogolo ndi pambuyo pa a Ingles, nawafufuza m'mabuku a malo kuti aone pamene aliyense anadzagula. Ataika malo onsewo pa mapu, njira ya mlembi inaonekera, ndipo pakati pake panatsala kachigawo kamene kanayenera kukhala ka banjali. Pamalopo panapezeka chitsime chakale chokumbidwa ndi manja. Malowo ali pa mtunda wa mamailosi pafupifupi 13, kapena makilomita 21, kummwera chakumadzulo kwa Independence, ndipo mu 1977 panamangidwa kanyumba kofanizira koyamba kaja. Kalembera yemweyo amatsimikizanso mbali ina ya bukulo. Dokotala wachikuda amene Laura amati anachiza banja lonse litadwala malungo analikodi: anali George Tann, ndipo ankakhala m'dera lomwelo.

Chifukwa chimene dzina la Charles silipezeka m'mabuku a malo a ku Kansas ndicho mfundo yolemera pa nkhani yonseyi. Malowo anali a mtundu wa Osage, mwa pangano ndi boma la United States, ndipo lamulo silinkalola mzungu kuwatenga. Mlembi wa kalembera anasiya mpata wa mtengo wa malo wopanda kanthu, nalemba kuti malowo ndi a Osage ndipo okhalapo alibe umwini. Charles ndi anzake zikwizikwi analowa dala, poyembekezera kuti boma lidzachotsa eni ake. Zinachitikadi: pa 15 Julayi 1870 nyumba ya malamulo inavomereza kuti a Osage asamutsidwe, iwo anavomera mu Seputembala, ndipo malowo anatsegulidwa kuti agulitsidwe pa dola imodzi ndi masenti 25 pa ekala. Bukulo limati banja linachoka litamva kuti asilikali akubwera kudzathamangitsa azungu. Zikalata zikuloza chifukwa china chosasangalatsa kufotokozera ana: Gustafson analephera kumaliza kulipira munda wa ku Pepin, Charles analibe ndalama zogulira malo a ku Kansas, ndipo mu 1871 banja linabwerera ku Wisconsin kukatenga munda wakalewo.

Dzombe, ufa ndi mwana wosawerengedwa

Mu 1874 banjali linasamukira kufupi ndi Walnut Grove, ku Redwood County m'chigawo cha Minnesota. Charles anatenga maekala 172 m'mbali mwa mtsinje wa Plum Creek pansi pa lamulo la mu 1841, limene linkalola munthu kukhala pamalo a boma n'kudzalipira pambuyo pake. Chiyembekezo chake chonse chinali pa tirigu.

Zaka zimenezo, kuyambira 1873 mpaka 1877, ndizo zaka za dzombe la mtundu wa Melanoplus spretus, limene linkatsika kuchokera ku mapiri a Rocky n'kuphimba dzuwa. Mu 1875 linadya tirigu wa Charles atatsala pang'ono kukolola, linaikira mazira m'nthaka, ndipo chaka chotsatira linaswa n'kudyanso. Laura anafotokoza za dzombeli, ndiponso zoti bambo ake anayenda pansi ulendo wautali kum'mawa kukagwira ganyu yokolola m'minda ya ena. Chimene sanalembe chinapezeka m'zikalata za chithandizo cha boma. Chakumapeto kwa 1875 Charles anasainira lumbiro lonena kuti alibe chilichonse chodyetsera banja, ndipo anapatsidwa migolo iwiri ya theka ya ufa wa tirigu, ya mtengo wa madola 5 ndi masenti 25. Caroline Fraser anafotokoza za chikalatachi m'buku lake la Prairie Fires la mu 2017, limene linapata mphotho ya Pulitzer. N'kutheka kuti Laura, amene anali ndi zaka zisanu ndi zitatu, sanauzidwe. N'kuthekanso kuti sizikanagwirizana ndi chithunzi cha bambo wodziimira payekha chimene mabukuwo amajambula.

Zikalata za malo zimamaliza nkhaniyo m'mizere iwiri. Mu Julayi 1876 Charles analipira boma mtengo wa malowo, madola awiri ndi theka pa ekala chifukwa anali pafupi ndi njanji, ndipo patangopita masiku ochepa anawagulitsa pa madola 400, ndalama yocheperapo kusiyana ndi imene anali atangolipira kumene. Zaka ziwiri za thukuta zinathera pamenepo. Wofufuza akaona tsiku logula ndi tsiku logulitsa zitayandikana chonchi, amadziwa kuti mlimiyo analipira pongofuna kupeza umwini woti agulitse n'kuchoka.

Pakati pa mavutowa panabadwa mwana wamwamuna yekhayo wa banjali, Charles Frederick, amene ankamutcha Freddie. Anabadwa pa 1 Novembala 1875 ndipo anamwalira pa 27 Ogasiti 1876 ku South Troy, Minnesota, kumunda kwa Peter Ingalls, asanakwanitse miyezi khumi. Moyo wake wonse unagwera pakati pa kalembera wa 1870 ndi wa 1880. Ngakhale kalembera wa chigawo cha Minnesota wa mu 1875 anamuphonya, chifukwa anachitika miyezi ingapo iye asanabadwe. M'mabuku a ana mulibe dzina lake, ndipo manda ake sanapezeke mpaka lero. Amadziwika kudzera m'zolemba za pabanja ndi m'mbiri imene Laura analembera akuluakulu mu 1930, yotchedwa Pioneer Girl, imene inakanidwa ndi osindikiza pa nthawiyo n'kudzatuluka mu 2014.

Ana otere ndi ambiri m'mabanja a alimi a nthawiyo, ndipo wofufuza amawaganizira akaona mpata wautali pakati pa zaka za ana olembedwa. Kwa a Ingalls mpatawo ndi wa zaka pafupifupi zisanu ndi ziwiri, kuchokera kwa Carrie mu 1870 kufika kwa Grace, amene anabadwa pa 23 Meyi 1877. Kalembera wa 1900 ndi wa 1910 anafunsa mayi aliyense kuti anabereka ana angati ndipo amoyo ndi angati, ndipo kusiyana kwa manambala awiriwo kwaululira mabanja ambiri za ana amene palibe ankawatchulanso. Caroline anabereka asanu. Mu 1900 amoyo anali anayi.

Grace anabadwira ku Burr Oak, m'chigawo cha Iowa, kumene Charles anakathandiza kuyendetsa hotela. Palibe kalembera amene anawapeza kumeneko, ndipo sanagule malo. Pano kukumbukira ndiko kumapambana zikalata: Pioneer Girl imanena kuti banjali linachoka m'tauniyo usiku, litapakira ngolo mwakachetechete, chifukwa cha ngongole ya lendi. Palibe mlembi wa boma akanalemba zimenezo.

Fayilo ya malo a ku Dakota

Mu 1879, banja litabwerera ku Walnut Grove, Mary anadwala kwambiri n'kuchita khungu ali ndi zaka 14. Mabuku amati chinali chifukwa cha nthenda ya scarlet fever. Mu 2013 ofufuza ena analemba m'magazini ya zachipatala ya Pediatrics kuti zizindikiro zolembedwa m'nyuzipepala ya m'deralo, m'makalata a Laura ndi m'buku la sukulu ya akhungu ya ku Vinton, Iowa, kumene Mary anayamba mu 1881, zikugwirizana kwambiri ndi nthenda yotupitsa ubongo ndi zokuta zake. Chaka chomwecho cha 1879 Charles anapeza ntchito yosunga mabuku ndi kulipira antchito omanga njanji yolowera ku Dakota Territory, ndipo kumeneko n'kumene anatenga malo ake omaliza.

Lamulo la Homestead Act, limene Pulezidenti Abraham Lincoln anasainira pa 20 Meyi 1862, linkapereka maekala 160, pafupifupi mahekitala 65, kwa mutu wa banja kapena munthu aliyense wa zaka 21 amene anali nzika kapena anali atalengeza kuti akufuna unzika. Ndalama yolipira ku ofesi inali madola 18 okha. Chofunika chinali kukhalapo zaka zisanu, kumangapo nyumba ndi kulima. Pomaliza mwini malo ankapita ku ofesi ndi mboni ziwiri kukalumbira kuti wakwaniritsa zonsezo. Anthu pafupifupi 1.6 miliyoni anapeza umwini mwa njira imeneyi, pa maekala okwana 270 miliyoni, koma panalinso ambiri amene analembetsa osafika kumapeto.

Kwa wofufuza, fayilo ya mtundu umenewu ndi chuma chachikulu kuposa kalembera, chifukwa mlimi amalankhulamo yekha. Mafunso ake ndi akuti: unafika liti, nyumba ndi yaikulu bwanji ndipo inamangidwa ndi chiyani, pali khola kapena chitsime, walima maekala angati kwa nyengo zingati, banja lako ndi la anthu angati, unachokapo liti ndipo chifukwa chiyani. Munthu wobadwira kunja ankaphatikizapo zikalata za unzika, ndipo msilikali wakale ankaphatikizapo umboni wa usilikali wake. Maina a mboni amaulula oyandikana nawo, amene nthawi zambiri amakhala achibale. Mafayilowa amasungidwa ku National Archives mumzinda wa Washington, ndipo zithunzi za zikalata za umwini zimapezeka kwaulere pa intaneti kudzera ku Bureau of Land Management.

Charles analembetsa malo ake pa 19 Febuluwale 1880 ku Brookings. Analumbira komaliza mu Meyi 1886, ndipo chikalata cha umwini chinatuluka mu Disembala 1889, patatha mwezi umodzi South Dakota itakhala chigawo. Kuchedwa kwa zaka zitatu kotereku kunali kofala, chifukwa ofesi ya ku Washington inali ndi mulu wa mafayilo. Amene amatenga tsiku la pa chikalata cha umwini ngati tsiku limene kholo lake linafika pamalo amalakwitsa ndi zaka zambiri. Kwa Charles kulakwitsako kungakhale kwa zaka pafupifupi khumi.

Malowo analembedwa kuti gawo la kumpoto chakum'mawa la Section 3, Township 110, Range 56, ku Kingsbury County, pafupi ndi tauni ya De Smet. Manambalawa ndi a njira yoyezera malo imene inakhazikitsidwa mu 1785. Dziko linadulidwa m'mabwalo a mamailosi asanu ndi limodzi mbali iliyonse, bwalo lililonse n'kugawidwa m'zigawo 36 za maekala 640, ndipo gawo limodzi mwa magawo anayi a chigawo ndiwo maekala 160. Ndi manambala atatuwo munthu angathe kupeza munda wa kholo lake pa mapu a lero mosaphonya. Malo a Charles anali maekala 154 ndi pang'ono, osakwana 160. Chifukwa chake n'chakuti dziko lapansi ndi lobulungira, choncho mizere yolowera kumpoto imayandikana pang'onopang'ono, ndiponso oyeza ankalakwitsa apa ndi apo. Zotsala ndi zoperewera zonse zinkakankhidwira ku zigawo za m'mphepete mwa kumpoto ndi kumadzulo, ndipo Section 3 ili pa mzere wa kumpoto.

Lamulo loti munthu akhale pamalo ake linkavuta m'nyengo yozizira. Nyengo ya 1880 mpaka 1881 inali yoopsa: chipale chofewa chinatseka njanji kwa miyezi ingapo, ndipo banjali, limene linathawira m'tauni, linapulumuka pogaya tirigu wa mbewu ndi kachigayo ka khofi ndi kusonkha moto ndi udzu wopota. Lamulo linkalola kuchokapo kosapitirira miyezi isanu ndi umodzi, ndipo n'chifukwa chake funso la masiku ochokapo linali lofunika pa lumbiro lomaliza. Pa funso limeneli wofufuza ayenera kukumbukira kuti wolumbirayo ndi mboni zake, amene mawa lake iwonso adzafuna mboni, anali ndi chifukwa chofupikitsira masikuwo.

Amene zikalata zimawadumpha

Charles Ingalls amapezeka mosavuta chifukwa anali mwamuna, mzungu, ndipo ankagula ndi kugulitsa malo. Caroline, amene anali mphunzitsi asanakwatiwe ndipo ankagwira ntchito ya kumunda limodzi ndi mwamuna wake, amaoneka m'kalembera ngati wosamala pakhomo, ndipo dzina la kwawo la Quiner limazimiririka pambuyo pa 1860. Akapolo a kummwera, amene ambiri a iwo ankalima thonje ndi fodya, analembedwa mu 1850 ndi 1860 popanda maina, pansi pa dzina la mbuye wawo. Kalembera woyamba kuwatchula ndi wa 1870. A Osage amene Charles anakhala pamalo awo sanalembedwe m'kalembera amene analemba iyeyo, chifukwa eni dziko osakhoma msonkho sankawerengedwa. Ngakhale munda wa ku De Smet unali mbali ya dziko limene a Yankton anapereka ku boma pa pangano la mu 1858, koma fayilo ya malo imayamba ngati kuti nthakayo inalibe mwini.

Palinso zikalata zimene zinatayika. Kuyambira 1850 mpaka 1880 kalembera ankakhala ndi fomu yapadera ya zaulimi, yolemba maekala olimidwa, ng'ombe, akavalo, nkhumba ndi zokolola za munda uliwonse, ndipo zambiri mwa izo zilipo. Koma kalembera wa anthu wa 1890 anaonongeka pafupifupi yense moto utabuka m'nyumba ya unduna wa zamalonda ku Washington pa 10 Januwale 1921. Mpata wa zaka 20 umene unatsala, kuchokera 1880 kufika 1900, ndi wokwanira kuti mwana abadwe, akule n'kuchoka pakhomo osaonekapo m'nyumba ya makolo ake. Ofufuza amautseka ndi kalembera wa m'zigawo, monga wa Dakota Territory wa mu 1885, mabuku a msonkho ndi manyuzipepala. Zambiri mwa izi lero zimawerengedwa pa kompyuta kudzera pa FamilySearch, imene ndi yaulere, kapena Ancestry, imene ndi yolipira, ngakhale mindandanda ya maina ya pamenepo imabwereza zolakwa za alembi akale n'kuwonjezerapo za okopera atsopano.

Zaka zomaliza

Mu mpata umenewo ndi mmene Charles anasiyira ulimi. Chakumapeto kwa 1887, atangotha chaka ndi theka chilumbirire, anasamutsira banja m'nyumba imene anamanga yekha mumsewu wa Third Street ku De Smet, ndipo mu 1892 anagulitsa munda. Anayesa sitolo koma sinakhalitse. Zaka zotsala anadalira ukalipentala ndi ntchito zina za m'tauni, zomwe zikutanthauza kuti mlembi wa ku Kansas uja sanalakwitse kwenikweni. Dzina lake limapezekanso m'mabuku a mpingo wa Congregational wa ku De Smet, umene iye anali mmodzi mwa oyambitsa mu 1880.

Anamwalira ndi nthenda ya mtima pa 8 Juni 1902 ali ndi zaka 66, chaka chomwecho chimene dzombe la mtundu umene unamudyera tirigu linaoneka lamoyo komaliza. South Dakota inayamba kulemba imfa m'chigawo chonse mu 1905, choncho umboni wa imfa yake ndi uthenga wa maliro wa m'nyuzipepala ya ku De Smet ndi mwala wa pamanda. Mary sanakwatiwe, ndipo Carrie ndi Grace sanabereke. Mdzukulu yekhayo amene anakula anali Rose Wilder Lane, mwana wa Laura, amene anamwalira mu 1968 osasiya mwana. Amene amafufuza zikalata za Charles lero ndi owerenga mabuku aja, akatswiri a mbiri yakale, ndi zidzukulu za abale ake monga Peter ndi Polly, amene amamupeza pa tsamba limodzi ndi makolo awo.